Keke ndi Makona

Galimoto yanga ili pa mitala.
Lolemba mpaka Loweruka ndi ya makeke:
ndimakwera nawo zitunda za Valparaíso,
makeke aukwati osanja katatu,
kirimu akunjenjemera kumbuyo
ngati mkwatibwi amene sanagone.
Lamulungu ndi yanga ndekha,
ine ndi makona a ku La Dormida,
kumene msewu unadzipinda ngati chingwe chotayidwa mwaukali.

Mashoko akale anatha mu Juni.
Anayamba kukha mafuta, kenako kubuula,
pa kona iliyonse galimoto n'kumaweramira kuphompho
ngati ikufuna kuona amene ali pansipo.

Mchimwene wanga Baltasar anati,
gula olimba, uitsitse mpaka mimba inunkhize phula.
Ndinamvera.
Lamulungu loyamba chiwongolero chinkandimva ndisanayankhule,
matayala atakakamira msewu ngati nkhupakupa,
ndinaseka ndekha, mawindo ali pululu.

Lachiwiri, pa miyala yoyala ya ku Cerro Alegre,
impso zanga zinawerenga mwala uliwonse.
Keke ya banja la Ossandón inang'ambika pakati.
Mkwati washuga anagwa chafufumimba,
mkwatibwi ali chiimire, osacheuka n'komwe.
Ndinabweza ndalama zonse.

Galaja ya mayi Herminia Quilodrán ili kuseri kwa doko.
Amanunkha girisi ndi makoko a malalanje.
Sanayambe ndi galimoto, anayamba ndi ine:
umanyamula chiyani,
umadutsa kuti,
msana wakowo uli ndi zaka zingati?

Aliyense amabwera muno kudzagula matiresi othamanga, anatero.
Kulibe.
Sipuling'i imasenza katundu,
shoko imaiuza kuti basi, wanesa mokwanira, khala chete.
Ukalimbitsa zonse mwaphuma
tayala limadumpha bampu m'malo moitsata,
ndipo tayala lili m'malere silikhota.

Anachotsa zitsulo za Baltasar.
Anaika masipuling'i olimbirapo pang'ono chabe kuposa a kufakitale,
galimoto n'kuikweza, kutsala zala ziwiri kuti ifike msinkhu wake wakale,
ndi mashoko okhala ndi kachitsulo kopotokola pamutu,
kolira kuti kete, kete,
kuyambira kamodzi mpaka makumi awiri ndi kanayi.

Kenako anadzaza madzi m'mbale yodyera galu wawo,
naikhazika pampando wakumbuyo.
Tiye, anatero.

Pa makumi awiri madzi anatayika tisanatuluke pageti.
Pa kanayi mabampu anasanduka mapilo,
koma galimoto inayandama ngati maboti a asodzi padokopo,
ndipo pa kona ya kumsika mbale yonse khuthu!
Galu, amene anakwera osaitanidwa, anatiyang'ana monyoza.
Tinadzazanso.
Kete, kete. Kuzungulira. Kete.
Dzuwa linapendeka tikukwera ndi kutsika chitunda chomwecho,
ana osewera mpira atayamba kutibayibitsa.

Pa khumi ndi katatu madzi anavina,
ananyambita mlomo wa mbale,
osatuluka.

Apo, anatero mayi Herminia akupukuta m'manja.
Sizikukwanira Lamulungu lako, sizikukwaniranso makeke ako.
Onse adandaula pang'ono. Ndiye kuti zili bwino.

Masiku ano Baltasar amandipitirira pa kona yachisanu,
hutala ili pii, akuti ndakalamba.
Mwina.
Koma iye akatsika amayenda atagwira m'chiuno,
ndipo mkazi wake amakwera basi.

Ndisaname, Loweruka usiku ndimatsegula boneti,
tochi kukamwa,
n'kuba kete ziwiri.
Ziwiri zokha.
Lolemba lina ndinaiwala kubweza.
Potsika ku Playa Ancha duwa limodzi lashuga linathothoka,
linagubuduzika mpaka pansi pa giya.
Ndinalitola pa maloboti,
ndinalipemerera,
ndinalidya,
keke n'kuitembenuza kuti chipsera chiyang'ane kukhoma.